Siwa ya kwa a Efraimu

Mayi Rozina a ku Kawale sankadziwa kunama pa maliro, ndipo nthenda imeneyi inawataitsa abwenzi angapo. Akamwalira chidakwa chodziwika mtauni yonse, anzawo a Mvano ankatha kuuza wamasiye kuti malemu akupuma m'manja mwa Ambuye. Iwo ayi. Ankangogwira dzanja la namfedwa, n'kunena kuti pepani, basi. Ankati Mulungu amamva ngakhale zonong'onezana za pa mphasa.

Tsono mayeso awo anachokera kutali. Mwana wawo Godwin anali mmodzi mwa anyamata amene anapita ku Israyeli kukagwira ntchito m'minda, ndipo anagwera kwa mlimi wa mapeyala, mdala wina dzina lake Efraimu, ndi akazi ake a Miriamu. Maina okhawo anawakomera a Rozina, poona kuti mwana wawo walembedwa ntchito ndi anthu otuluka m'Baibulo. Koma chimene chinawagwira mtima chinali china. Chifuwa chitamugwetsa Godwin m'nyengo yozizira, a Miriamu ankamupititsira msuzi wa nkhuku kuchipinda kwake, kwinaku akumukalipira kuti n'chifukwa chiyani amayenda wopanda juzi ngati alibe makolo. A Rozina atamva za kukalipako anadziwa kuti mwana wawo ali m'manja abwino, pakuti munthu sakalipira mwana amene sakumufuna.

Lachiwiri m'mawa, ali pa benchi yawo ya nsapato za kaunjika mumsika, Godwin anaimba pa WhatsApp mawu ali ogwa. A Miriamu anali atamwalira, ndipo anali ataikidwa kale, poti kumeneko sachedwetsa thupi. Anafotokoza kuti abale onse tsopano akhala m'nyumba sabata yathunthu, pa timipando tam'munsi, osaphika, chakudya chikuchokera kwa anansi. Mwambowo, anatero, amautcha shiva. Netiweki ya ku Kawale, imene imadya mawu ngati chiswe, inameza pakati pa liwulo.

"Siwa? Nawonso amati siwa?"

Godwin anayesa kuwongola, koma mochedwa. Amake anali atauza kale mayi wa benchi yoyandikana nayo kuti Ayuda ndi abale athu enieni, maliro awo amakhala pa siwa ngati kwathu ku Dedza. Ndipo kunena zoona, anthu okhala pansi, olira pamodzi, odyetsedwa ndi anansi, mungawatche chiyani china?

Asanadule foni, Godwin anaulula kuti anali atauza kale a Efraimu kuti amayi ake akufuna kupepesa, ndipo mdalayo anavomera kuti adzaonane pa vidiyo Lachinayi masana. Amayi akonze mawu, iye adzamasulira.

Apa m'pamene mtima wa a Rozina unayamba kulemera. Pepani yekha anali wochepa kwa mayi amene anaphikira mwana wawo. Mawu amene ankafuna kunena anali aja timauzana akatisiya Mkhristu mnzathu, akuti tikaonana kumwamba. Koma a Miriamu anamwalira ali Myuda, osavomereza Yesu. Kunena mawuwo kukanakhala kunama kodi? Nanga kuwameza, si kutsekera kunja munthu amene anatsegulira mwana wako chitseko?

Safunsa anadya phula. Anayambira m'nyumba momwemo, kwa amuna awo a Anderson, mkulu wa mpingo amene sayankha funso ngakhale la mtengo wa makala asanatsokomole kaye. Iwo anatsegula Yohane n'kuwerenga poti njira ndi imodzi. Sananene mwankhanza ayi, ananena ngati munthu wouza mnzake kuti basi yapita. Malonjezo a Abrahamu, anatero, tsopano ali pa onse okhulupirira Khristu, kaya Myuda kaya Mchewa, ndipo khomo ndi lomwelo kwa onse.

"Ungoti pepani, make Godwin. Zinazo n'zolemera."

Tsoka ilo, mpanda wa pakati pa iwo ndi a Dorica ndi wa udzu. A Dorica, a mpingo wa Pentekoste, amene anamangirira kambendera ka Israyeli pa makina awo osokera, anali atamva zonse uku akuyanika zovala. Anasuzumira pamwamba pa mpanda n'kunena kuti amenewo ndi ana obadwira m'nyumba, ife ndife obwera, ndipo Paulo analemba kwa Aroma kuti Israyeli yense adzapulumuka. A Anderson anawauza kuti aziwerenga mutu wonse, osangotola vesi ngati tomato pamulu, chifukwa pomwepo akuti nthambi zina zinathyoledwa kaamba ka kusakhulupirira. A Dorica anabweza kuti pomweponso akuti Mulungu angathe kuzilumikizanso, ndipo ife nthambi zakutchire tisadzitame, poti muzu ndiwo watinyamula. A Anderson anati Israyeli yenseyo ndiwo okhulupirira onse. A Dorica anati ngati Paulo ankafuna kunena mpingo akananena mpingo, sanali wosowa mawu.

Anatsutsana mokoma, aliyense nkhope ili ngwee, monga amachitira anthu okonda Baibulo akapeza mnzawo wolimba. A Miriamu anali ataiwalika kalekale. A Rozina anawasiya pampanda pomwepo n'kupita kukaphula nyemba zimene zinayamba kununkha.

Mawa lake anakafunsa a Jacinta, mnzawo wa Katolika wogulitsa tomato pakhomo la msika. Iwo anati abambo mfumu anawaphunzitsapo kuti Mulungu akapatsa salanda, ndipo pangano lake ndi Ayuda silinafafanizidwe. Chipulumutso chimadzera mwa Khristu, inde, koma mmene adzawafikitsire anthu ake akalewo ndi chinsinsi cha mwini wake. A Rozina anafunsa mosazungulira ngati a Miriamu ali kumwamba kapena ayi.

"Asisi, ine ndimagulitsa tomato," anayankha a Jacinta, n'kuwaonjezera awiri a basera.

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, a Rozina anakhala pakhonde n'kuwerenga okha mutu wonse uja, chala chikuyenda pansi pa mawu. Anapeza kuti a Anderson sananame, a Dorica sananame, a Jacinta nawonso sananame. Anapezanso kuti Paulo mwini wake, atalongosola zonsezo, anathera n'kukweza manja kuti njira za Mulungu sizilondoleka. Anamukwiyira pang'ono Pauloyo. Munthu wophunzira chotero, kukutenga ulendo wonsewo n'kukakusiya pa mphambano! Koma anaonanso kuti ankalemba ngati munthu wolirira abale ake, ndipo pa chimenecho anamukhululukira.

Lachinayi anachoka ku Mvano osavula yunifolomu, bulauzi yoyera, siketi yakuda, duku loyera. Anayala mphasa pansi pa mtengo wa gwafa, chifukwa pa siwa sakhala pa sofa. A Dorica ndi a Jacinta anabwera osaitanidwa, poti maliro n'kulirana. A Anderson anatulutsa mpando, koma ataona mmene azimayi akhalira anaubweza n'kukhala pa sitepe ya khonde, chipewa chili pabondo. Mawu okonzeka a Rozina analibe ndi amodzi omwe.

Foni italira, Godwin ananong'oneza kuti kumeneko mlendo sayamba kulankhula, amadikira namfedwa. Kenako anatembenuza foni. A Rozina anaona mdala woonda, ndevu zosameta, malaya ong'ambidwa pachifuwa monga mwa mwambo wawo wa maliro, atakhala pa kampando kofika m'akakolo. Anayang'anana. Ku Kawale kunkamveka minibasi ikuitanira za m'tauni, kumeneko kunkamveka mbale zikugundana m'chipinda china. A Rozina anapeza kuti chete ameneyu amamudziwa, ndipo mtima unakhala pansi.

Mdala uja atayamba kulankhula, Godwin anamasulira pang'onopang'ono. Anati a Miriamu ankakonda kuvutitsa mlongo wawo, munthu wowerenga kwambiri mabuku a chipembedzo chawo, ndi funso limodzi. Mnyamata wa ku Malawi uyu, wopemphera kwa Yesu, adzakhala ndi malo m'dziko likudzalo? Mlongoyo ankayankha kuti aphunzitsi awo amati olungama a mitundu yonse ali ndi gawo lawo. A Miriamu ankati zili bwino, chifukwa akufuna kukaona mayi amene anaphunzitsa mwana kulandira mbale ndi manja awiri.

"Iwonso amafunsa za ife?" zinawapulumuka a Dorica, ndipo anadzitseka pakamwa ndi chitenje.

A Anderson anatsokomola, koma ulendo uno sipanatsatire vesi. A Rozina anaseka misozi ili m'masaya, pa siwa penipeni, ndipo sanachite nazo manyazi. Anasangalala kumva kuti tsidya linalo kunali mayi wina amene anasowa naye tulo mwana wawo mpaka za moyo wosatha.

Tsopano inali nthawi yawo. Anakonza duku, n'kuuza Godwin kuti amasulire zimene anene, asakometsere.

"Uwauze kuti pepani. Uwauze kuti ine ndimadalira Yesu, ndipo ndamupempha za mayiwa. Makiyi a kumwamba sindisunga ine. Ndafunsa, ndawerenga, mmene Mulungu adzakonzere sindikudziwa. Koma akadzandilola kulowa, ndisanakhale pansi ndidzayamba ndawafunafuna, ndiwathokoze chifukwa cha iwe."

Godwin anamasulira zonse. A Efraimu anamvetsera mutu uli pansi, kenako anaugwedeza movomereza. Anatambasula dzanja pa tebulo, natenga chithunzi cha a Miriamu, chimodzi mwa zimene alendo ankaonetsana, n'kuchiimika patsogolo pa foni.

"Akuti muwaone bwino," anatero Godwin, "kuti musakawapitirire."

A Rozina anayandikitsa foni, koma maso awo a masiku ano ankangoona chifunga. A Anderson ananyamuka pa sitepe paja, anavula magalasi awo, n'kuwapatsa akazi awo. Apo chithunzi chinayera. Anali mayi wamfupi, wojintcha, tsitsi la imvi likutuluka m'chipewa cha kumunda, diso limodzi lotsinzina ndi dzuwa, pakamwa pali ngati akufuna kukalipira wojambulayo. A Rozina anayang'ana nthawi yaitali, kuyambira pachipumi mpaka pachibwano, monga amayang'anira nsapato asanaigule.

"Basi, uwauze atsitse dzanja, latopa," anatero. "Ndawagwira nkhope."