Zigoba za Tetsuji

Chimbalangondo chinapha a Tetsuji Nukui m'munda mwawo momwe, pakati pa mizere ya chimanga cha ng'ombe. Mfuti anali ataisiya kunyumba. Maliro atatha apolisi anabwera kudzatenga mfutiyo ndi zipolopolo zonse, monga zimakhalira mlenje akamwalira. Anangosiya chitini cha mabisiketi chodzaza zigoba zamkuwa zowombera kale, zopanda onga. Mayi wamasiye anapereka chitinicho kwa a Genzo, mkulu wake wa malemu.

A Genzo anali ndi zaka 78, ndipo ndi amene anandiphunzitsa kusaka. M'gulu lathu la alenje tinali titatsala anayi, ine wazaka 61 n'kumatumidwabe kukawiritsa madzi a tiyi. Atandiimbira foni ndinasiya mbatata pa thirakitala n'kupita.

Ndinawapeza m'shedi kuseri kwa nyumba, magalasi ali kunsonga kwa mphuno, zigoba zili mbwee pa benchi.

"Noboru, bwera udzaone manyazi," anatero. "Zaka makumi asanu ndikudzaza ndekha zipolopolo, lero mkuwa ukundikana."

Chigoba chikawombera chimafufuma. Umachipaka mafuta n'kuchikankhira ndi makina m'chikombole chachitsulo kuti chibwerere m'thupi mwake, kenako n'kuchidzazanso. A Genzo anali atachita zonsezo. Anatenga chimodzi n'kuchilowetsa m'mfuti yawo. Mpiringidzo wotsekera chipolopolo m'mfuti unayenda bwinobwino, koma pofika potseka unangoti gwa.

"Bwanji osadzaza zigoba zanu, akulu? Muli nazo kabati yonse."

"Ndakuitanira mafunso? Chilombo chija chifa ndi mkuwa wa Tetsuji. Basi."

Munthu amene anatola yekha nsapato ya mng'ono wake m'chimanga sukangana naye.

Tinayamba ndi zapafupi. Ndinamasula chikombole, ndipo m'kati munali mafuta akale ataundana ngati phula. Ndinapukuta mpaka mbee, tinafinyanso chigoba, mpiringidzo n'kukanabe. Tinayeza makosi a zigoba, ena anali atatalika, tinawadula. Osatheka. Kenako a Genzo anayatsa kandulo n'kudetsa chigoba chonse ndi mwaye, anachilowetsa m'mfuti, n'kuchitulutsa pang'onopang'ono. Mwaye unali utakalika mozungulira kumunsi, pafupi ndi tako.

Nkhani inali pamenepo. Mfuti za abale awiriwa zinali za saizi imodzi papepala, koma ya a Tetsuji inali ndi mimba yotakata. Zigoba zinazolowera kufufuma m'menemo, ndipo zinali zitawombera kochuluka.

"Kakhumi mwina," anatero a Genzo. "Tetsuji masamba a tiyi omwewo ankawafinya katatu, ndiye mkuwa angautaye? Kuuma manja kwake, mayi athu omwe ankadandaula."

Anaseka, kenako anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali.

Ndine amene ndinati titsitseko chikombole. Izi ndizinene poyera. Tinachitsitsa mpaka chinagunda kachitsulo kogwira tako la chigoba, koma mpiringidzo unkatseka movutikira, mochita kuumenya ndi chikhatho. A Genzo anamasula kachitsulo kaja n'kuyamba kukapala pamwala wonolera mipeni kuti chigoba chizilowa mozama.

"Pang'ono chabe, akulu."

"Ukufuna kuphunzitsa ine kunola?"

Atabwezeretsa n'kufinyanso, mpiringidzo unatseka ndi chala chimodzi. Unatseka mosavuta kwambiri, chifukwa phewa la chigoba linali litakankhidwira m'mbuyo mopitirira. Koma a Genzo nkhope inawala, koyamba chichitikireni maliro. Anatuluka kukauza akazi awo, mayi Kinuyo, kuti atiphikire tiyi.

Nditatsala ndekha ndinapinda kawaya kumapeto n'kukalowetsa m'chigoba, n'kumakanda khoma la m'kati. Pafupi ndi tako kawaya kanakodwa m'kangalande. Kunja kwake, pamalo omwewo, panali kamzere kowala kozungulira ngati mphete. Ndinayesa zisanu, zitatu zinali choncho. Mlenje aliyense amadziwa tanthauzo lake: mkuwa wapyapyala, ndipo tsiku lina chigoba chidzaduka pawiri m'mfuti.

A Genzo analowa ndi makapu awiri.

"Akulu," ndinatero, "mkuwawu ukuoneka wotopako."

"Wotopa ndiwe. Imwa tiyi."

Mawu anga anathera pomwepo. Kwathu kuno wokuphunzitsa sumuuza kuti walakwa, makamaka ali pa benchi yake. Umangokanda pamwamba, iye amve yekha, ndipo akasankha kusamva nawe umasiya. Tinakula choncho, ndipo ndinkaona ngati ndi ulemu. Lero ndimati unali mantha ovala jekete labwino. Ndinamwa tiyi uja, ndinawathandiza kuyeza onga, tinadzaza zipolopolo zisanu.

Patapita masiku atatu mlimi wa ng'ombe wa kumtunda anaona mapazi a chimbalangondo m'matope a kumtsinje. Tinanyamuka dzuwa litangotuluka. Anzathu awiri anakadikira kumsewu, ine ndi a Genzo tinalowa m'tinsungwi tatifupi tofika m'chifuwa. Kunali chisanu, masamba akuterera.

"Chipolopolo choyamba n'changa," anandinong'oneza. "Ukangowombera usanamve yanga, usadzapondenso pakhomo panga."

Chimbalangondo chinadzuka patsogolo pathu, mapazi makumi atatu okha, chachikulu kuposa mmene tinkaganizira. Ndinali nditachiika kale pamzere, chala chili pamalo, koma ndinadikira. Mfuti ya a Genzo inalira. Chilombo chinagwa chammbali, chinabangula, n'kudzukanso.

Ndinamva mpiringidzo ukukokedwa. Chimene chinatuluka ndi tako lokha la chigoba, kanthu ngati batani, n'kugwera m'masamba. Thupi lonse linatsalira m'mimba ya mfuti. A Genzo anakankha chipolopolo chachiwiri, chinalowa theka n'kuima. Ankamenya mpiringidzo ndi chikhatho uku akutukwana.

Ndinawombera, koma tinsungwi tinanditchinga ndipo ndinaphonya. Pamene ndimakoka mpiringidzo wanga chinali chitafika kale. Awiriwo anali pamodzi pansi, ndipo ndinazungulira ngati chitsiru kufunafuna poti ndiwombere osalasa munthu. Mpata utapezeka ndinachiomba m'khutu, kenako kachiwiri. Kuti ndiwasolole pansi pake ndinachita kuitana anzathu aja.

A Genzo anali akupumabe. Nkhope yawo sindiifotokoza. Anandigwira mkono n'kufunsa ngati chafa.

"Chafa, akulu."

"Ndi chigoba cha Tetsuji?"

"Ndi cha a Tetsuji."

Anamwalira tisanafike nawo kumsewu.

Apolisi anafika pakhomo pa a Genzo sabata yotsatira. Mayi Kinuyo anandipempha kuti ndikakhalepo, poti iwo za m'shedi sankazidziwa. Wapolisi wina, mlenje nayenso, anatokosa chigoba choduka chija m'mfuti, anachiyang'ana padzuwa n'kupukusa mutu. Anati mkuwa unali wotha, ndipo mphete yoteroyo munthu wa maso okalamba sangaione. Analemba, ananyamula mfuti, onga ndi zipolopolo zitatu zotsala, n'kumapita.

Ndikuvala nsapato pakhomo, mayi Kinuyo anabwera ndi kaphukusi ka makeke a mpunga, n'kugwada pamkeka. Anali atachepa thupi m'masiku ochepawo.

"A Noboru, musamadziimbe mlandu," anatero. "Bambo anali ouma mutu, ine ndakhala nawo zaka makumi asanu ndi zitatu. Pakanapanda inu bwenzi titaika m'manda zidutswa. Zikomo kwambiri."

"Ayi mayi, sindinachite kanthu."

"Ankakukondani, ngakhale pakamwa pawo sipankatuluka zotero. Ankati mwa onse amene anawaphunzitsa, inu nokha simunawatsutsepo ngakhale tsiku limodzi."

Anawerama mpaka chipumi chinagunda mkeka, atatambasula manja ndi kaphukusi kaja. Ndinawerama nanenso, n'kulandira.