Phula pa Denga la Idalia

Ndinali nditagwada kuseri kwa nyumba, ndikupala mchere pa udzu wa m'bokosi loziziritsira chipinda, pamene mayi Chayo a m'chipinda chachiwiri anatulukira akudzikupiza ndi chivindikiro cha poto.

"A Cuca, mwaona zimene akuchita a Nicanor pamwambapa?"

"Nenani msanga, manja anga ali m'madzi."

"Kwerani mukadzionere nokha. Koma muvale nsapato zoti simukuzifunanso."

Ndili ndi zipinda zinayi za lendi zimene anandisiyira malemu amuna anga, bambo a Idalia. Kuno ku Mexicali, m'chipululu muno, mwezi wa Julaye, chipinda chimakhalika ndi zinthu ziwiri basi: denga loyera mbee, ndi bokosi loziziritsira la pamwamba, lomwe limakoka mphepo kudutsa pa udzu wonyowa. Madzi athu ndi amchere, udzuwo umauma gwa ngati mkate wadzana, ndiye wopala ndine. Chipinda chakumapeto ndinachisunga chopanda munthu chifukwa cha Idalia, mwana wanga, yemwe anachira pa opaleshoni ndipo amatuluka m'chipatala mawa lake ndi khanda. Kwanga sakanakhalako, ndi chipinda chimodzi ndipo ndimaphikiramo. Denga lakelo ndinalipaka ndekha mu Meyi, njereza yosakaniza ndi madzi olenda a chomera chaminga cha nopal, msana wanga ukulira.

Fungo linandipeza ndili pakati pa makwerero. Nditafika pamwamba ndinaona denga lonse la Idalia lili bii, likunyezimira, phula likuchita thovu padzuwa. Pakona panaima a Nicanor, mlonda wa usiku wochokera kudera lamvula la Tabasco amene ankakhala m'chipinda choyamba, atagwira tsache lakuda, mano onse ali panja.

"Mayi, musandithokoze ayi," anatero. "Ndi mphatso ya kamdzukulu."

"Mwachita chiyani, bambo inu?"

"Ndinaona mng'alu apo. Dzulo kunalinso mitambo. Ndiye ndinati khanda lisadonthedwe."

"Lidonthedwe ndi chiyani? Ndi thukuta lanu?"

"Mvula, mayi. Kwathu denga lopanda phula..."

"Kwanu! Kwanu achule amalowa mpaka m'tchalitchi. Kuno mwafika liti, ndipo mvula mwaiona kangati?"

Anaganiza kaye, ngati funsolo linali lovuta. "Sindinaionebe."

"Simunaione. Ine ndakalambira pano, ambulera yanga ndimatchingira dzuwa. Mitambo ija ndi fumbi, bambo, fumbi!"

Mayi Chayo anakuwa ali pansi: "Afunseni ngati agulanso bwato!"

Sindinaseke. Ndinawagwira a Nicanor pa mkono wa malaya, kutsika nawo, kukawalowetsa m'chipinda cha Idalia. Munali kabedi ka mwana kamene ndinapempha kwa mlamu wanga, ndi makatani amene ndinasoka ndekha. Mpweya wake unali wa mu uvuni, ndipo nthawi inali isanakwane n'komwe ya chakudya chamasana.

"Kwerani pampandopo. Gwirani kudenga."

Anagwira, n'kuchotsa dzanja msangamsanga.

"Gwiraninso. Mwana wobadwa dzana agone pansi pa chimenecho? Mayi wake ali ndi bala pamimba? Mukudziwa kuti kuno kutentha kumapha anthu ali m'nyumba, chitseko chili chotseka bwinobwino?"

"Ndipakanso njereza pamwamba pake, mayi. Lero lomwe."

"Njereza pa phula laliwisi? Imasenda ngati khungu la njoka, phula n'kutulukiranso. Mpaka liume, tithire mchenga, ndiye tipake. Imeneyo ndi milungu. Idalia akubwera mawa."

Anavula chipewa n'kuyamba kuchipotokola. Anati phulalo anagula okha, ndipo sanagone chiwerukireni ku ntchito. Ndinaona kuti akunena zoona, manja awo anali atatupa matuza. Zinangondiwonjezera ukali. Munthu woipa umamuthamangitsa, nkhani n'kutha. Nanga wokoma mtima wosafunsa umamutani? Pakhomo pano aliyense amabwera kudzandifunsa za babu lakupsa, za mpopi wodontha, ngakhale za mphaka wa eni ake. Koma tsiku loti munthu afunse, ndiye amakwera mwakachetechete ndi ndowa ya phula.

"Mverani," ndinatero. "Chipinda chanu chili pansi pa mtengo wa mesquite, ndicho chozizira pa zonse. Musamuke lero. Idalia alowa mwanu, inu mulowa muno."

Anayang'ana kudenga kuja. "Mayi, ine ndimagona masana."

"Ndikudziwa."

"Masana muno ndipsa."

"Mupsa, inde. Koma inu muli ndi miyendo, mukamva kutentha mutuluka. Khanda lituluka bwanji?"

Mayi Chayo, amene anali ataima pakhomo, anati, "Musadandaule a Nicanor, mvula ikabwera ndinu nokha amene simunyowa."

"Inunso mayi, m'malo moseka, kagwireni mbali ina ya kabediko."

A Nicanor anavala chipewa chawo, n'kupita kukatulutsa katundu. Analibe zambiri: matiresi, wailesi, chithunzi cha ana awo atatu ataima m'madzi ofika m'mawondo kutsogolo kwa nyumba ina. Chithunzicho ndinachiona pamene ankadutsa nacho. Ndinangowauza kuti dzuwa likafika pamutu azibwera kudzagona pansi kwanga, pafupi ndi chitseko, bola asajone ndiponso asakhudze chilichonse. Makamaka denga.

"Ndipo Loweruka mukatenge mchenga ku malo omanga aja. Wosefa. Musabwere ndi miyala."

"Chabwino, mayi."

"Mukaonanso mng'alu pena paliponse, muchite chiyani?"

"Ndikufunseni."

"Mundifunse."

Ndinabwerera kuseri. Madzi a m'beseni anali atatentha ngati ndawatereka pamoto, ndipo udzu umene ndinausiya panja unali utaumanso, mchere uli mbuu. Unali wa bokosi la chipinda chakumapeto. Tsopano unafunika kuyera kuposa kale, chifukwa wogona pansi pa phula uja analibe china chomupulumutsa, komanso wa chipinda choyamba, cholowamo Idalia, unali usanapalidwe n'komwe. Ndinathira madzi ena, ndinagwada, n'kutola burashi. Udzu wa mbali zina zitatu za bokosilo unali ukundidikirabe.