Foni Imene Sindinazimitse

Ahedi anandipatsa mwayi umodzi wokha. "Lachitatu ndidzakhala m'kalasi mwanu," anatero. "Ndikadzaona kuti mafoni a anawa ndi zidole chabe, onse m'kabati, inu mubwerere ku wailesi ija." Wailesiyo ndi ya makaseti, imatsokomola kuposa munthu wa chifuwa.

Ine ndimaphunzitsa Chifalansa, ndipo phunziro lomvetsera ndimalijambula pa foni n'kutumizira ana. Koma kukambirana kumafuna anthu awiri. Ndiye Lamlungu masana ndinagwira amuna anga, makaniko wa magalimoto, girisi akadali m'zikhadabo, kuti akhale wogulitsa matikiti a sitima m'kasewero kojambula. Ziganizo zinayi basi. Chachinayi chinawakanirira mpaka ndinapsa mtima.

"Lilime lanulo ndi sipanala!" ndinakalipa. "Mundichititsa manyazi kwa ana." Ndinamenyetsa chitseko n'kupita kukachapa. Nditabwerako ndinangotola foni patebulo n'kudina potumiza, osaona n'komwe kuti zojambulazo zatalika bwanji.

Lachitatu, ahedi ali kumbuyo ndi kope lawo, ana anakhoza mafunso onse khumi. Ngakhale mtsikana wa pazenera, amene ntchito yake n'kuwodzera, mkono unali m'mwamba.

"Mwamvetsera kangati?" ahedi anamufunsa mokayika.

"Mwina kakhumi, sala. Kumapetoko n'kumene kumakoma."

Kumapeto kuti? Mtsikanayo anakweza mawu a foni yake. Ndinamva za sipanala zija, ndinamva chitseko, kalasi yonse inafa nako kuseka, ine kusowa pobisa nkhope. Kenaka zii. Kenaka mawu a amuna anga ali okha, akubwereza chiganizo chachinayi chija pang'onopang'ono. Kulakwitsa, kutsonya, kuyambiranso, mphindi zisanu ndi ziwiri zathunthu. Pomaliza anachitchula bwinobwino kuposa ana ambiri amene ndawaphunzitsa, n'kunena chapansipansi, "Eya, chatheka. Akabwerako ndiwauza tijambulenso."

"Ifetu timabwereza nawo limodzi," anatero mtsikanayo.

Ahedi anatseka kope akuseka. "Mafoni akhale," anatero. Ana anaomba m'manja, koma ine mtima unali utandiwawa kale.

"Madamu," mtsikana uja anafunsanso, "ndiye munajambulanso?"

Sitinajambulenso. Tsiku lija ndikuchokera kochapa anandichingamira pakhomo, nkhope ili mwee, ndipo asanatsegule n'komwe pakamwa ndinawauza kuti asavutike, ndingotumiza zomwezo.