Ndevu za Inki

Kwathu kuno ku Sunderland, munthu akagwa ndi mowa mawu omunenera sasowa. Wazima. Batire latha. Waponya zida pansi. Koma chimene chimandigwetsa ine palibe anachipezera dzina, ndipo si mowa.

Ndi phokoso. Magetsi akawalitsa, anthu n'kumakuwa onse nthawi imodzi, mutu wanga umadzaza ngati ndowa yoiwalidwa pampopi, kenako mdima bii. N'chifukwa chake kuntchito, kosungira matayala, nkhomaliro ndimadyera ndekha m'galimoto. Anthu anazolowera kundisiya, ndipo kusiyidwako kumawawa, ndisaname.

Tsiku lina Dougie, kapitawo wathu, anagogoda pawindo.

"Iwe Hedley, Loweruka masana tikaonera mpira kubala. Usandiuze zoti mphaka wako wadwala."

Ndinapita, bambo wa imvi zanga, mtima ukudumpha ngati wa mwana. Bala inali yodzaza thothotho. Makanema kukhoma lililonse, fungo la viniga wa patchipisi, makina a njuga akuthwanima pakona. Anandipatsa tambula ya mowa, ndinangoigwira osalawa n'komwe. Timu yathu itagoletsa, anthu onse anabangula, matebulo akumenyedwa, ndipo miyendo yanga inangosungunuka.

Ndinatsitsimuka ndili pabenchi panja, mvula ikuwaza. Anzanga akuntchito anali atandizungulira, akuseka mpaka misozi.

"Katambula kamodzi kokha, amwene!" anatero wina. "Mpira usanafike n'pakati pomwe!"

Pagalasi la zenera ndinaona nkhope yanga ili ndi ndevu zakuda zopindikira m'mwamba. Mwambo wake ndi umenewo: woyamba kugwa amamujambula kumaso ndi cholembera. Ndipo mlendo samujambula, amajambula mnzawo.

"Si mowa ayi," ndinatero. "Ineyo phokoso likandichulukira..."

"Aaa, onse amatero!" Dougie anandimenya paphewa, n'kulisiya pomwepo dzanjalo. Linali lofunda. Ndinayesa kukumbukira amene anandigwirapo phewa komaliza, ndinalephera. "Kuyambira lero dzina lako ndi Kandulo, kamphepo pang'ono wazima. Sabata yamawa tikumenyana ndi Newcastle, za lerozi n'zamasewera. Ubwera eti?"

Chitseko cha bala chinatseguka, chiphokoso chija n'kutulukira panja.

"Ndibwera," ndinatero.

Anakuwa mokondwa, n'kuthamangira m'kati chifukwa mpira unali utayambiranso. Ine ndinatsala pabenchipo, ndikulingalira malo abwino odzaima Loweruka kuti pogwa ndisadzamenyetse mutu patebulo.