Mapale a Aphunzitsi a Rabson

Aphunzitsi a Rabson ndiwo anabweretsa nzeru za Agiriki pa poloti ya lendi ku Chinsapo. Ankati mawu oti demokalase ndi a Agirikiwo, ndipo munthu wosafunika ankamulemba dzina pa phale n'kumuthamangitsa. Alandilodi anavomera kuti pa polotipo azitero. Mapalewo anasamutsa mng'ono wake wa Hafsah, mayi wina wa pa polotipo, mvula ili pakati, mlandu wake kukazinga nsomba pafupi ndi zenera la aphunzitsi.

Hafsah anadikira mpaka 2004, akutungira anzake madzi ndi kuwalerera ana. Tsiku la msonkhano wolemba mayina pa mapale anaswa mbiya yake yomwe, n'kugawa makala olembera.

Mapale onse, kupatula limodzi, anatuluka ndi dzina la Rabson.

"Izitu ndi zachikale, Amayi," anadandaula aphunzitsiwo.

"Munatiphunzitsa ndinu," anatero Hafsah. "Wilibala yosamukira ndakubwerekerani kale."