Makina Omva ba Petros

"Nindani anagwila makina yanga?"

Funsolo linatuluka mokhota m'kamwa mwa ba Petros, monga zonse zimene ankanena chidwalireni sitiroko. Mwana wawo Dalton ankayang'ana kudenga. Norah, mkazi wa Dalton, ankapukuta tebulo lopukutapukuta kale. Taonga, amene anaitanidwa kudzakonza kompyutayo, anamva bwinobwino, koma poti anali mlendo anangotsegula chikwama chake.

Taonga ankakhala nyumba yachitatu kuchokera apo, m'komboni yomweyo ya Matero. Anali ndi pepala la zamakompyuta la ku koleji, ndipo pepalalo linali litagona m'sutikesi zaka ziwiri, chifukwa nthawi imeneyo makampani ankadziwa kuchotsa anthu, osati kulemba. Ankakonza chilichonse chokhala ndi nthambo.

Ba Petros anagwira ukalaliki pakampani ya boma zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, mpaka kampaniyo inagulitsidwa. Anatsala ndi Chingerezi chowongoka ndi nyumba ya khonsolo imene anagula boma litayamba kugulitsa nyumba kwa okhalamo. Kenako sitiroko inapha dzanja lamanja n'kukokera pakamwa pambali. Mwana wawo wamkazi, namwino ku Botswana, anawabweretsera kompyuta pa Khirisimasi, ili ndi pulogalamu yolemba zimene munthu akulankhula m'Chingerezi, kuti azimulembera makalata. Pulogalamuyo inkafuna kuphunzitsidwa kaye. Kwa milungu isanu ndi umodzi mkuluyo ankavala maikolofoni yake m'mawa uliwonse, n'kumawerenga mokweza nkhani zopanda mutu zimene zinkabwera pasikirini, malovu akudontha, mpaka makinawo anazolowera lilime lawo lolemeralo. Anthu a m'nyumbamo sanazolowere. Akapempha madzi kapena kutengeredwa kuchimbudzi, yankho linali limodzi: "Mwati chani, ba mudala?"

Tsopano Dalton anali atakhoma chisakasa cha malata kutsogolo kwa nyumba, choonetseramo mafilimu. Anagula chimbale kumsika wa m'tauni, n'kulowetsa mukompyuta ya bambo ake pulogalamu yoonetsera mafilimuwo. Kuyambira tsiku limenelo, ba Petros akangoyamba kulankhula makina ankauma gwa, kamuvi ka pasikirini osasuntha. Dalton anaitana Taonga osati chifukwa cha zimenezo, koma chifukwa mafilimu nawonso ankauma, ndipo ankauma pakati pa ndewu, anthu n'kuyamba kumutukwana.

Taonga anagwira ntchito monga anaphunzirira. Anazimitsa pulogalamu imodzi, kuyatsanso makina, kuyesa. Anazimitsa ina, kuyatsanso, kuyesa. Makinawo ankatenga nthawi kudzuka ngati munthu wa matsire, ndipo pakati pake magetsi anathima kwa ola lathunthu, iye n'kukhala pampando akumva Norah akufotokoza za kuvuta kosamala munthu wodwala, wodwalayo ali pomwepo.

Cha m'ma 3 koloko anachipeza. Pulogalamu ya mafilimu inali ndi kanthu kakang'ono kamene kankadzuka kokha makina akayaka, n'kugwira njira ya mawu osaisiya. Pulogalamu ya ba Petros ikabwera kudzamvera, ziwirizo zinkakanganirana khomo limodzi mpaka zonse kuima. Anachotsa kachizindikiro kamodzi basi, kanthu kaja n'kusiya kudzuka kokha. Anafotokoza kuti palibe choyenera kutayidwa: mafilimu azioneka, mdala azilemba, bola osatsegula zonse nthawi imodzi. Anamva kukoma pofotokoza. Panali patapita nthawi chimufunsireni munthu chinthu chimene ankachidziwa.

Anawaveka ba Petros maikolofoni n'kuwapempha kuti anene chilichonse, choyesera chabe.

Mkuluyo sanafune zoyesera. Analamula makinawo kutsegula chikalata chimene anasiyira pakati sabata yathayo, ndipo chinatseguka, m'zilembo zikuluzikulu chifukwa maso awo anali atafooka. Anapitiriza pamene analekezera. Mawu ankatuluka m'kamwa ophwanyika, n'kufika pasikirini ali owongoka, limodzilimodzi, aliyense akuona: kuti iwo, Petros Mbewe, ali ndi nzeru zawo zonse, akusiya nyumbayi kwa Sophia, mkazi wamasiye wa mwana wawo woyamba, ndi ana ake atatu, amene anathamangitsidwa pakhomo pano maliro atangotha ndipo tsopano akukhala m'chipinda chimodzi kukomboni ya George.

Apa panalibe amene anafunsa kuti ba mudala mwati chani.

Dalton anaseka pang'ono, nati makina a azungu ndi odabwitsa. Norah anabweretsera Taonga botolo la chakumwa chozizira, choyamba tsiku lonselo, n'kukhala pafupi naye.

"Koma iwe Taonga uli na nzelu, mwandi. Manje mau ya apongozi, yamene inaphunzila, imayasungila kuti? Nifuna chabe kuziba, tisakayagwile mwangozi."

Taonga anamuonetsa. Anatsegula foda yake, analoza ndi chala, anachenjeza kuti imeneyo ikafufutidwa milungu isanu ndi umodzi ija yapita. Norah anagwedeza mutu ngati mwana wa sukulu wakhama. Taonga anafika pageti la kwawo asanazindikire chimene anachita.

Panapita masiku anayi. Lachisanu m'mawa Dalton anatumiza uthenga kuti makina avutanso, ndipo mlongo wake wa ku Botswana waimba foni kufunsa chifukwa chake makalata asiya kubwera. Dalton ankafuna munthu wa pepala adzanene kuti zinthuzo zafa zokha.

Taonga anapeza kompyuta itasamutsidwira m'chisakasa cha mafilimu. Ba Petros sanali pabalaza. Mpando wawo unali kuseri kwa nyumba, pakati pa chimbudzi ndi dzenje la zinyalala, pamene Norah anati pamawomba kamphepo kabwino. Dzuwa linali litafika kale pamenepo. Buluku lawo linali lonyowa kutsogolo, ndipo m'mbali mwa chinyonthocho munali mizere youma ya dzulo ndi dzana. Mbale ya phala inali pansi kudzanja lamanja, lakufa lija, ntchentche zitaizinga.

Foda ija inali itafufutidwa. Pulogalamu inamulonjera Taonga ngati mlendo, n'kupempha kuti munthu watsopano ayambe kuwerenga nkhani yoyamba. Chikalata cha nyumba nachonso panalibe. Dalton anaima kumbuyo kwake, manja m'thumba, akunena kuti mwina ndi magetsi a masiku ano.

Koma mphunzitsi wina ku koleji ankawakalipira kuti munthu asakhudze makina a eni asanakopere zofunika pambali, ndipo Taonga anachita zimenezo tsiku loyamba lija, mwachizolowezi chabe, n'kuziika pakati pa mafayilo amene palibe amawatsegula. Anaganiza kwa kanthawi. Dalton anali ndi thupi lalikulu, ndipo Matero ndi waung'ono ukadana ndi munthu. Komabe Taonga anabwezera fodayo m'malo mwake, nanena mokweza kuti mwayi ulipo, mawu a atate sanataike. Anapempha kuti awabweretse adzayese.

Dalton sanakane. Anapita yekha kukawanyamula ndi mpando womwe, n'kuwakhazika patsogolo pa sikirini mosamala kwambiri, mpaka anawakonzera kolala. Norah anaima pakhomo atapinda manja. Fungo la mkodzo linadzaza chisakasacho.

Taonga anawaveka maikolofoni, anatsegula tsamba loyera, nagwada pambali pawo.

"Atate, yamvela manje. Kambani vonse vamene munakamba tsiku lija. Nizavichosa papepa lelo lamene, nipeleke neka ku George."

Ba Petros anayang'ana tsambalo nthawi yaitali. Kakuwala kobiriwira kosonyeza kuti makina akumvetsera kankaphethira pakona. Anayang'ana Dalton, amene ankamwetulira, kenako Norah. Koma kwa Taonga sanayang'aneko konse. Anakweza dzanja lamanzere pang'onopang'ono, anavula maikolofoni, n'kuiika pamiyendo yonyowayo. Analankhula m'Chinyanja, chimene makinawo sankachidziwa, ndipo onse atatu anamva liwu lililonse.

"Nyumba ni ya Dalton. Iwe mwana, usakabwelenso kuno."