Madala Otsuka Galimoto Yofiira

Tsiku lomaliza limene Nebert anawaona bambo ake ali moyo, anawapeza atagwada pa udzu ku Area 10, akutsuka matayala a galimoto yofiira. Chisanza chimene ankatsukira chinali malaya akale a Nebert yemweyo, a yunifolomu ya kusekondale. Anawazindikira ndi chigamba cha pachigongono.

A Jobu Chikaonda, amene ankagwira ntchito yosamalira maluwa panyumbapo, ankadziwa kuti mwana wawo ali ku Blantyre, ku koleji ya zaumisiri, chaka chachitatu. Zoona zake zinali zakuti Nebert analephera mayeso a chaka chachiwiri, nalepheranso obwereza, ndipo anauzidwa kuti alongedze. Kwa miyezi isanu ankakhala ku Kawale m'kachipinda ka lendi. Ntchito yake inali ya ukalaliki ku Capital Hill, kumasula mabokosi a mafailo amene ankabwera pa malole kuchokera ku Zomba, pakuti boma linali mkati mosamukira ku Lilongwe. Makalata opita kwa bambo ake ankayamba wawatumiza kwa mnzake ku Blantyre kuti akafike ndi chidindo cha kumeneko. Pawindo la ofesi yake mitengo ya ku Area 10 inkaonekera chapatali. Tebulo lake analitembenuza kuti azikhala chofulatira windolo.

Amene anamufikitsa panyumbapo anali Felton Msiska, mkulu wake wa mu ofesi, mnyamata wa ku Rumphi wosakwatira amene anabwera ndi mafailo omwewo napatsidwa nyumba ku Area 15. Felton ankati misewu ya mzinda watsopano ndi yotakata ndiponso yopanda anthu, ndipo ndi kulakwa kuyendamo wapansi. Ankafuna galimoto ya mipando iwiri, yotsika, ya denga lansalu lochita kuvula, zija ankasiya azungu ntchito yawo ikatha. Anapeza ziwiri, yobiriwira ndi yofiira, koma za injini sankadziwa kanthu.

"Injiniya Theka," anatero Loweruka lina mu Meyi ataweruka, "lero theka lako lija ligwire ntchito."

Dzinalo anamupatsa ndi Felton yemweyo, chifukwa cha sukulu yosiyira pakati, ndipo ofesi yonse inalitola.

Anabwereka galimoto ya mnzawo nayamba ku Old Town. Yobiriwira inali pa galaji ya a Benedicto, kuseri kwa masitolo a amwenye. A Benedicto anailiza, ndipo inabangula mpaka atelala a pakhonde anaimitsa makina awo. Anati mwini wake anali dokotala amene ankangopita nayo kutchalitchi, ndipo Felton atafunsa kuti tchalitchicho chinali kutali bwanji kuti matayala athe chonchi, a Benedicto anayankha kuti dokotalayo anali munthu wopemphera kwambiri. Onse anaseka. Nebert anagwada kusuzumira pansi. Bwalo lonse la galajiyo linali lakuda ndi oyilo wa zaka zambiri, koma pansi pa galimoto iyi yokha panali mchenga wa kumtsinje, woyera, wongowazidwa kumene. Anaukanda ndi chala ndipo chala chinatuluka chonyowa, chakuda. Anachipukutira kumasokosi. Anaganiza zomuuza Felton akaonanso inayo.

Inayo Felton anangoti ili kwa mzungu wina woyala mapaipi a madzi. Atadutsa City Centre, pamene nyumba zinali zidakali m'mathabwa a omanga, anakhotera ku Area 10. Nebert anayamba kuzindikira ngodya. Anali atabwerako kamodzi patchuthi, kudzera kanjira ka kuseri kopita kunyumba za antchito. Pa geti lakutsogolo anali asanalowepo. Felton analiza hutala pa geti lomwelo.

A Jobu anadzutsa mutu. Anamuona mwana wawo akutsika, atamanga tayi, ndipo nkhope yawo inayera. Anayamba kudzuka, madzi akudontha m'manja, pakamwa patayamba kale kutchula dzina.

"Muli bwanji, madala?" anatero Nebert.

Anali chiimire, manja ali m'thumba.

Pambuyo pake mawu amenewa anawatembenuza mumtima kambirimbiri. Anyamata a m'tauni bambo wowabereka amamutcha madala. Mlonda wa pa geti la eni ake amamutchanso madala. Nebert ankadziuza kuti sananame, sanakane munthu. Koma chibadwire bambo ake ankawatcha ababa, ndipo powalonjera ankanjuta, dzanja lamanja litagwiridwa ndi lamanzere. A Jobu anayang'ana manja a m'thumba aja. Anayang'ana Felton, suti yake ndi magalasi ake. Kenako anabwerera pa mawondo awo.

"Ndili bwino, bwana. Kaya inu?"

Mwini nyumba anatuluka ndi makiyi. Antchito ankamutcha Chimpopi. Anali munthu wansangala, wolankhula Chichewa chothyokathyoka, ndipo mabokosi ake anali atadzaza kale pakhonde, pakuti ankabwerera kwawo kumapeto kwa mweziwo. Anatsegula boneti, ndipo Felton anamukankhira Nebert kutsogolo, nafotokoza kuti uyu ndiye katswiri wawo, amamutcha Injiniya Theka chifukwa koleji ya ku Blantyre inamulavula chaka chatha, koma thekalo limakwana kutsegula mabokosi ndi kusuzumira injini.

Chisanza chinasiya kuyenda pa tayala.

Chimpopi anasangalala kumva za kolejiyo. Anati nayenso Jobu wake ali ndi mwana kumeneko, mnyamata wanzeru, adzakhala injiniya weniweni, makalata ake amawerengedwa kukhitchini kawirikawiri mpaka khukhi anawaloweza pamtima. Dzina la mnyamatayo sankalidziwa. Zaka zitatu a Jobu akumudulira udzu, dzina la bambo awo sanafunsepo, ndipo zimenezi ndi zimene zinamupulumutsa Nebert.

"Zoona, madala?" anatero Felton. "Dzina lake ndani? Mwina mnzangayu akumudziwa."

Nebert anaika mutu wake mkati mwa boneti. Injini inali yoyera, mapaipi ake olimba, koma iye sankaona kanthu. Ankangomva madzi akudontha kuchokera pa chisanza kugwera m'ndowa.

"Sangamudziwe, bwana," anatero a Jobu. "Wangayo ndi mwana wa kumudzi. Sayenda ndi anthu akuluakulu."

Felton ndi Chimpopi anakwera galimoto ija kukaiyesa, pakuti malo anali a anthu awiri okha. Pabwalo panatsala bambo ndi mwana wake. Pawindo la khitchini panali khukhi akuyang'ana, amenenso sankamudziwa Nebert nkhope. Nebert anadikira kuti afunsidwe. Anali wokonzeka kutukwanidwa, ngakhale kumenyedwa ndi chisanzacho. A Jobu anafinya chisanza, nachiyanika pa mpanda wa maluwa, naloza simenti pamene galimoto inkagona.

"Bwana, galimoto musamaione nkhope. Muziona pogona pake. Apa ndasesapo zaka zitatu, sindinaonepo dontho." Anatsitsa mawu, maso ali pa ndowa. "Mukudya bwino kumene mukukhalako?"

"Ndikudya."

"Mwawonda."

Nebert anatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo galimoto yofiira inalowa pa geti, Felton akuseka, tsitsi lili fumbi. Potuluka, a Jobu ndi amene anawatsegulira geti. Anavula chipewa.

M'njira Felton anafunsa maganizo a katswiri. Anati mtima wake uli pa yofiira, ndipo akaigula, Chimpopi wati abwere Loweruka linalo onse awiri adzamwe tiyi, awonetse Injiniya Theka kasamalidwe kake. Anatinso madala aja awakonda, mwina mzungu akapita awatenge azikamusamalira pabwalo ku Area 15. Nebert anaona m'maganizo mwake bambo ake akutsegula geti la Felton tsiku lililonse, iye akulowa ndi tayi.

"Tengani yobiriwira," anatero. "Yofiira ija yatopa mkati. Ndaimva kalilidwe."

Felton anadandaula pang'ono, koma anamvera. Za mchenga Nebert sanatchule.

Sabata iliyonse ankati Lamlungu likubwerali apita ku Area 10 kudzera kanjira ka kuseri, akanjuta, akanena zonse. Lamlungu lina anafika mpaka pa ngodya, naona geti, nabwerera. Anayamba kalata katatu. Sanadziwe kuti aitumize ndi chidindo cha kuti. Juni analowa ndi mphepo yake yozizira, ndipo yobiriwira inkagona ku Area 15, Felton akudabwa kuti n'chifukwa chiyani imamwa oyilo ngati munthu wa ludzu.

Lachinayi lina m'mawa, mu ofesi munalowa mayi wovala chitenje ndi juzi yaikulu, mapazi ali mbuu. Anati dzina lake ndi Alinesi, amalera ana pa nyumba yoyandikana ndi ya Chimpopi. Anali atayendayenda kuyambira dzulo lake, pakuti nyumba za boma zatsopanozo zinali zofanana zonse ndipo palibe amene ankadziwa kuti unduna uti wafikira pati. Ankafuna mwana wa a Jobu.

Makalaliki anayang'anana. Felton anali chiimire pakhomo ndi failo m'manja.

"Ndine," anatero Nebert.

Alinesi anagwada pafupi ndi tebulo lake nafotokoza motsitsa mawu. Mzungu atapita, a Jobu anatsala akulondera nyumba yopanda anthu. Chifuwa chinawagwira, chinasanduka chibayo, ndipo abale anadzawatenga kupita nawo kumudzi, kupitirira Mitundu. Asananyamuke anamuitana Alinesi namuuza kuti mwana wawo ali ku maofesi atsopano, koma asamusokoneze pa ntchito, ndiponso asauze munthu, pokhapokha zikavuta. "Anatisiya Lachiwiri," anatero Alinesi. "Mwambo woika m'manda uli lero masana."

Felton anaika failo pansi. Anangotulutsa makiyi.

Yobiriwira inathamanga bwino kutuluka m'tauni. Inawoloka mlatho wa ku Old Town, anthu akuicheukira, ndipo inalowa msewu wa kumwera ikubangula. Nebert ankawerengera kuti akafika bokosi lisanatsekedwe, akaona nkhope. Ankayang'ana kanyali kofiira kamene kanayamba kuphethira pafupi ndi chiwongolero, ndipo ankadziwa tanthauzo lake. Pasanathe mamailosi khumi injini inayamba kugogoda. Inagogoda mwamphamvu kawiri, n'kukhala chete. Galimoto inayenda yokha pang'ono n'kuima pambali pa munda wa fodya wokolola kale.

Anatsika. Kumbuyo kwawo, pa fumbi la msewu, panali mzere wakuda wa madontho mpaka pamene maso ankalekezera. Felton anauyang'ana nthawi yaitali.

"Tsiku lija pa galaji unagwada," anatero. "Unaona chiyani?"

"Mchenga."

"Ndiye unadziwa."

"Ndinadziwa."

"Ndipo yofiira ija inalibe vuto."

"Inalibe. Anandiuza okha amene ankaitsuka aja."

Felton anavula magalasi nawapukuta ndi tayi. Nebert anadikira ukali, koma Felton analankhula ngati munthu amene akudziwerengera mlandu wake womwe.

"Ine ndinawafunsa dzina la mwana wawo, iwe uli pomwepo. Ndinakutcha Theka pamaso pawo. Madala aja..."

"Ndi ababa," anatero Nebert.

Anaisiya galimoto pomwepo, denga lili chovula. Anayenda pansi nthawi yaitali asanapeze lole ya matumba imene inawatsitsa pa Mitundu, ndipo kuchokera pamenepo anayendanso. Nsapato za mu ofesi zinawatupitsa mapazi. Felton sanabwerere.

Dzuwa linali litapendeka pamene anafika. Asanalowe m'mudzi anakumana ndi adzukulu, anthu okumba manda, akutuluka m'nkhalango ndi makasu paphewa, dothi lofiira lili m'miyendo. Pambuyo pawo pankabwera anthu onse, mwakachetechete, aliyense akuima pa mphambano kusamba m'manja m'beseni limene linaikidwa panjira.

Azakhali ake a Nebert, mlongo wa a Jobu, anamuona nabwera kudzamugwira mapewa. Anati bokosi analidikiritsa mpaka anthu a mpingo anayamba kudandaula, koma panalibe wodziwa ngati uthenga wafika. Anati malemuwo mpaka tsiku lomaliza ankakamba za injiniya wawo, ndipo makalata ake onse anabwera nawo kuchokera kutauni atawakulunga m'pepala la pulasitiki. Amayi ena anayandikira kudzaona mwana wophunzira uja, amene wabwera ndi bwana wa suti.

"Usadziimbe mlandu, mwanawe," anatero azakhali. "Blantyre ndi kutali. Aliyense akudziwa."

Nebert anamuyang'ana Felton. Felton anayang'ana pansi. Panalibe amene akanatsutsa. Bambo ake anali atamusungira bodza lake bwinobwino, nalowa nalo m'manda, ndipo Nebert akanangogwedeza mutu, bodzalo likanakhala lake moyo wonse.

Ananjuta pamaso pa azakhali ake, pa fumbi, dzanja lamanja litagwiridwa ndi lamanzere.

"Sindinachokere ku Blantyre, azakhali. Sukulu inandikanika chaka chatha. Ndimakhala ku Kawale. Ababa anadziwa."

Azakhali anachotsa manja awo pa mapewa ake pang'onopang'ono. Anamuyang'ana, nayang'ana njira yopita kumanda, imene tsopano inalibe munthu. Kenako anamuuza kuti adzuke, apite akaone pamene agona bambo ake, ndipo pobwera asambe m'manja ngati anzake.

Anapita yekha. Mtumbira unali wa dothi lofiira, wosalazidwa ndi makasu, ndipo panali nkhata imodzi ya maluwa a kutauni imene Alinesi anatumiza ndi abale amene anadzamuuza za maliro, othyoledwa pa mpanda umene a Jobu ankadulira.

Linali Lachinayi, pa 26 Juni, 1975.